Anamulondola a pa Mosi-oa-Tunya

Tambala wachiwiri asanalire, m'tauni ya Livingstone ku Zambia muli anthu amene amakhala atadzuka kale. Wina akupukuta magalasi a minibasi, wina akulongedza mabotolo a madzi m'bokosi la ayezi, wina akuwerenga pafoni mayina a alendo oti akawatenge ku loji. Cha kummwera, makilomita pafupifupi 10 kuchokera m'tauni, nthunzi ya mathithi a Mosi-oa-Tunya (Victoria Falls) imakhala itaima m'mwamba ngati wina watentha tchire. Anthu amenewa nthunziyo anasiya kale kuicheukira. Maso awo ali pa wotchi, chifukwa dzuwa lisanalowe ayenera kuwolotsa mlendo malire a dziko, kumuonetsa zimene walipirira, ndi kumubwezera pamene anamutenga, pasipoti ili m'thumba, iye akumwetulira.

Awa ndi anamulondola a maulendo a tsiku limodzi. Si aja okweza anthu 30 m'basi n'kumawalankhula pa chimkuzamawu. Iwowa amatenga banja limodzi, kaya mkulu ndi mkazi wake, kaya anthu anayi odziwana, n'kukhala nawo tsiku lathunthu. Mlendo wotere amalipira zambiri kuti galimoto ikhale yakeyake, aime pamene wafuna, afunse mpaka atatopa yekha.

Malo ano anachita kubadwira ntchitoyi. Mtsinje wa Zambezi ndiwo malire a Zambia ndi Zimbabwe, ndipo mathithiwo, otambalala mamita 1,708 ndi kuzama mamita 108, mayiko awiriwa anagawana. Malo ambiri oimapo n'kuyang'anizana ndi madzi ali kutsidya la Zimbabwe. Kamlatho ka Knife-Edge, kamene munthu amawoloka akunyowa mpaka kabudula wam'kati, ndi chilumba cha Livingstone, zili ku Zambia. Woona mbali imodzi amachoka ngati wadya nsima yopanda ndiwo. Makilomita osapitirira 80 kumadzulo kuli Kazungula, kumene Zambia, Zimbabwe, Botswana ndi Namibia amayandikana, ndipo kungowoloka pamenepo wafika ku Kasane, pakhomo la paki ya Chobe yotchuka ndi njovu. Munthu atha kumwa tiyi ku Zambia, nkhomaliro n'kudyera ku Botswana, mgonero n'kudzaupeza ku Zambia konkuja.

Luso lenileni lili pa boda

Mathithi safuna wowalankhulira. Amadzilengeza okha munthu akadali kutali. Chimene mlendo amagula kwa namulondola kwenikweni ndi kudziwa njira, ndipo njira yovuta kuposa zonse ndi ya pa kauntala ya olowa ndi kutuluka. Safunsa anadya phula: alendo ambiri odzidalira atayapo theka la tsiku pamzere wolakwika, kapena kugula viza yolowera kamodzi n'kudzazindikira madzulo kuti pobwerera alipiranso.

Namulondola wodziwa ntchito amayamba dzulo lake kufunsa. Pasipoti ndi ya dziko liti? Yatsala ndi masamba opanda chidindo? Pali ana? Botswana imafuna chikalata cha kubadwa cha mwana aliyense wolowa, ndipo banja loiwala pepala limeneli limabwerera pachipata. Kuyambira 2014 pali viza ya KAZA, ya madola 50 a ku America, imene imalola nzika za mayiko ena kuyenda pakati pa Zambia ndi Zimbabwe kwa masiku 30, komanso kukacheza ku Botswana n'kubwerako tsiku lomwelo kudzera pa Kazungula. Koma kuchokera mu 2022 Zambia inachotsa viza kwa nzika za mayiko ambiri, kotero chimene chinali chotsika mtengo kwa mlendo wa chaka china sichingakhale chotero kwa wa lero. Mmalawi safunika viza m'mayiko atatuwa. Zonsezi namulondola amazisunga m'mutu, ndipo akasokoneza, mlandu ndi wake.

Palinso tinthu ting'onoting'ono timene sitilembedwa pa intaneti pamene mlendo ankagula ulendo. Polowa m'Botswana munthu amaponda mankhwala ndi nsapato zake pofuna kuteteza ng'ombe ku matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Pa boda ya pa mathithi pali anyani odziwa kusiyanitsa thumba la chakudya ndi la zovala. Pali anyamata ogulitsa ziboliboli, zibangili za mkuwa, ndi ndalama zakale za Zimbabwe za 100 thiriliyoni, zimene lero ndi chikumbutso chabe. Namulondola sawathamangitsa, poti ena anakulira nawo limodzi, koma salolanso kuti mlendo wake apanikizidwe. Amangoti, "Achimwene, adzagula pobwera," onse n'kumvana.

Ntchito ya manja ambiri

Mlendo amaganiza kuti walemba munthu mmodzi, koma tsiku lake limadutsa m'manja mwa anthu ochuluka. Kuwolotsa galimoto yonyamula alendo kumafuna mapepala akeake: chilolezo cholowetsera galimoto kwa kanthawi, inshuwalansi, misonkho ya msewu, komanso chilolezo chogwirira ntchito ya alendo m'dziko la eni. N'chifukwa chake makampani ambiri amapatsirana alendo pa boda monga ochita mpikisano wopatsirana kamtengo. Dalaivala wa ku Livingstone amawasiya pa Kazungula, wa ku Kasane n'kuwalandira pa galimoto yopanda magalasi yoonera nyama, kenako n'kuwapereka kwa woyendetsa boti pa mtsinje wa Chobe, kumene amakaona mvuu, ng'ona ndi njovu zikusambira. Madzulo unyolo womwewo umabwerera chambuyo.

Kale pa Kazungula ankawoloka pa pantoni kapena pa tiboti tothamanga, malole atandanda masiku angapo kudikira. Mlatho wa mamita 923 umene unatsegulidwa mu Meyi 2021, wokhota ngati uta kuti usaponde dera la Zimbabwe kapena la Namibia, unafupikitsa ulendo, koma unachotsanso ganyu kwa ena amene ankadyera pa doko.

Kuseri kwa onsewa kuli mayi wa mu ofesi amene amayankha mauthenga a WhatsApp pakati pa usiku chifukwa ku America kudakali masana. Kuli makaniko, wophika, wochapa majasi a mvula obwereketsa alendo, ndi wa pa desiki ya hotela amene amalozera alendo kampani yakutiyakuti n'kulandirapo komishoni. Ndalama ya mlendo imayamba kubenthulidwa isanafike n'komwe ku Zambezi: tsamba la pa intaneti logulitsa ulendo limatapapo gawo lake, boma limatenga za pachipata cha paki, mafuta amadya zawo, mwini galimoto zake. Namulondola, amene watha naye mawu tsiku lonse, nthawi zambiri amadalira kangachepe kamene mlendo angamupatse potsanzikana. Kangachepeko sikapemphedwa. Kamabwera kokha, kapena osabwera.

Kalendala yake ndi mtsinje

Mlimi amayang'ana mitambo. Namulondola amayang'ana Zambezi. Mvula yogwa kumtunda, kumpoto chakumadzulo kwa Zambia ndi ku Angola, imafika pa mathithi mochedwa, moti madzi amasefukira cha mu Epulo ndi Meyi. Nthawi imeneyo nthunzi imagwa ngati mvula yamkuntho, kamera imafuna kukulunga mu pulasitiki, ndipo mwezi ukakhala wathunthu utawaleza umaoneka usiku. Pofika Okutobala ndi Novembala, mbali ya kummawa, ya ku Zambia, imasanduka khoma la miyala yakuda, madzi akungodontha apo ndi apo, pamene kutsidya la Zimbabwe akugwabe mwamphamvu. Apa m'pamene ulendo wowoloka malire umagulika kwambiri, chifukwa mlendo wogona ku Livingstone amafuna kukaona madzi kutsidya, pamene wa ku tauni ya Victoria Falls ku Zimbabwe amafuna kubwera kuno kudzasamba mu Devil's Pool, kadziwe ka m'mphepete penipeni pa phompho, kamene kamafikika madzi akachepa basi.

Namulondola woona mtima amauza mlendo zoona za nyengo ndalama isanalipiridwe. Wadyera amalonjeza mathithi a pa chithunzi cha mu Epulo kwa munthu wobwera mu Novembala. Kumapeto kwa 2019, chilala chitavuta, nyuzipepala zakunja zinasindikiza zithunzi za miyala youma n'kumati mathithi aphwa. Ogwira ntchito za alendo mbali zonse ziwiri anavutika kufotokozera dziko kuti chilimwe chilichonse mbali imeneyo imachepa madzi. Asanapume n'komwe, mu 2020 kunagwa Covid-19, malire n'kutsekedwa. Ntchito imene moyo wake uli pa kuwoloka inaima nji. Mlendo ndi mame, ndipo wodya za mlendo amadziwa kuti dzuwa likhoza kutuluka nthawi ina iliyonse.

Tauni imene inali likulu

Madzi akaonedwa, zithunzi zitajambulidwa, pamatsala maola amene amasiyanitsa dalaivala wamba ndi namulondola. Livingstone ndi tauni ya mbiri. Azungu oyamba anamanga pa Old Drift, m'mbali mwa mtsinje pamene ankawolokera, koma malungo anawatha. Manda awo alipobe m'kati mwa paki ya Mosi-oa-Tunya. Njanji itafika ndi mlatho wa pa mathithi utatha mu 1905, anasamukira kumtunda kumene kuli tauni lero. Mu 1911 Livingstone inakhala likulu la Northern Rhodesia (Zambia ya lero), mpaka 1935 pamene boma linasamukira ku Lusaka. Nyumba zakale za makonde aakulu ndi malata zikadalipo m'misewu yake, pamodzi ndi Livingstone Museum, imene inayamba mu 1934, yosunga makalata ndi katundu wa David Livingstone, komanso nyumba yosungira sitima zakale za malasha.

Mlatho wa pa mathithi nawo ndi phunziro palokha. Cecil Rhodes ankafuna kuti sitima ya njanji yake ya Cape mpaka Cairo izidutsa pamene nthunzi ingagwere pa mabogi, koma anamwalira mu 1902 asanauone. Zitsulo zake zinasulidwa ku England n'kudzalumikizidwa pamwamba pa phompho la mamita 128. Lero pamlathopo pamadutsa malole, sitima, azimayi osenza katundu, anyamata a njinga zolemedwa ndi malonda, ndi alendo odumpha ndi chingwe kumapazi mamita 111 kulunjika kumadzi.

Namulondola wabwino amadziwa kuti mbiri ya malo ano sinayambe ndi mzungu. Amatengera mlendo kumudzi kwa Mfumu Mukuni ya Aleya, amene makolo awo ankapembedzera pa mathithiwa. Amamuuza kuti Atonga amawatcha Shungu Namutitima, ndi kuti dzina la Mosi-oa-Tunya, utsi wogunda, linadza ndi Amakololo. Akatero amamulowetsa mumsika wa Maramba kuti aone kapenta, mbozi zodyedwa zotchedwa finkubala ndi zitenje, adziwe kuti tauniyi ili ndi eni ake amene sadya mathithi.

Maphunziro ndi malilime

Palibe amene amangodzuka n'kukhala namulondola wovomerezeka. Dziko lililonse lili ndi ziphaso zake, ndipo woyendetsa alendo amafunikanso laisensi yonyamulira anthu ndi maphunziro a chithandizo choyamba. Zimbabwe imadziwika ndi mayeso ovuta kwambiri kwa ofuna kuyenda ndi alendo wapansi m'tchire la nyama zoopsa: mayeso olemba, zaka zophunzira pansi pa katswiri, kuyesedwa kuwombera mfuti, kenako kuyesedwa m'tchire momwemo. Woonetsa mathithi ndi tauni safika pamenepo, komabe ayenera kudziwa mitengo, mbalame, miyala ndi zaka za mbiri, chifukwa mlendo wa lero amakhala ndi foni m'manja, wokonzeka kutsutsa. Ambiri anayamba ngati otsuka galimoto, onyamula zikwama kapena opalasa mabwato a mphira m'mafunde a kunsi kwa mathithi, n'kumakwera pang'onopang'ono.

Lilime ndi chida china. Kwa mlendo amalankhula Chingerezi, ena mpaka Chijeremani kapena Chifalansa. Kwa anzake pa boda amasinthasintha Chitonga, Chilozi, Chindebele, Chishona ndi Chinyanja. Mmalawi wofika kuno sasowa womumva: Chinyanja chimamveka m'misika ya Livingstone, ndipo kutsidya, m'komboni ya Chinotimba ku Victoria Falls ndi ku migodi ya malasha ya Hwange, kuli zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi ndi kummawa kwa Zambia amene anapita kukagwira ntchito kalekale. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 amawerengera Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka.

Amene anapalasa bwato

Ntchitoyi ndi yakale kuposa mahotela onse a m'mbali mwa Zambezi. Pa 16 Novembala 1855, David Livingstone sanadzifikire yekha pa mathithi. Anaperekezedwa ndi anthu a Mfumu Sekeletu ya Amakololo, ndipo odziwa mafunde a mtsinjewo anamupalasira bwato mpaka pa chilumba cha m'mphepete mwa phompho, pamene anasuzumira pansi. Tinganene kuti iye ndiye anali mlendo wolemba namulondola wakewake. Ena mwa anthu a Sekeletu amene anayenda naye m'zaka zotsatira anakakhazikika ku Chigwa cha Shire, ndipo maufumu a Kasisi, Katunga ndi Maseya ku Chikwawa amachokera kwa iwo. Koma pa mathithi, chipilala chachikulu chimene chinaimikidwa mu 1934 kutsidya la Zimbabwe ndi cha woperekezedwayo. Tauni ndi yake, chilumba ndi chake. Opalasa aja alendo sawadziwa mayina.

Madzulo minibasi imaima pakhomo la loji. Mlendo amatsika nsapato zili chinyontho, pasipoti itawonjezera zidindo zinayi, foni itadzaza zithunzi: iye pamlatho, iye pansi pa utawaleza, iye ndi mkazi wake kutsogolo kwa njovu. Zambiri mwa zithunzizo anajambula ndi namulondola, n'chifukwa chake iye mulibemo. Amagwirana chanza, mlendo n'kulowa kukasamba. Namulondola amakhotetsa galimoto kulunjika ku Maramba kapena ku Dambwa, akuyendetsa mosamala poti njovu zimadutsa mumsewu kukada, foni ikulira kale ndi mayina a anthu a mawa.