Ndalama za CDF ku Petauke ndi Nyimba: Njira Imene Pempho la M'mudzi Limadutsa

Pamsika wa Petauke, kapena pomwe amayi amagulitsa nthochi m'mbali mwa msewu wa Great East ku Nyimba, anthu ambiri amati CDF, thumba la chitukuko cha madera a aphungu, ndi "ndalama za a MP". Si za phungu ayi. Ndi ndalama za boma, zochokera m'misonkho ya tonsefe, ndipo zimasungidwa ndi khonsolo. Phungu ndi membala chabe wa komiti yoona za thumbali, ngakhale kuti mawu ake amalemera.

Thumbali linakhazikitsidwa mu 1995, koma kwa zaka zambiri linali laling'ono. Mu 2021 dera lililonse la phungu linkalandira K1.6 miliyoni. Mu 2022 boma la Pulezidenti Hakainde Hichilema linakweza ndalamazi kufika pa K25.7 miliyoni, mu 2023 zinafika pa K28.3 miliyoni, mu 2024 pa K30.6 miliyoni, ndipo mu 2025 pa K36.1 miliyoni. M'zaka zimenezi boma la Petauke linali ndi madera awiri, Petauke Central ndi Kaumbwe, motero linkalandira magawo awiri.  Nyimba yonse, kuyambira pa boma mpaka kuchigwa cha Luangwa, idalandira gawo limodzi m'zaka zonsezi.

Malinga ndi malangizo a 2022, akachotsa 5 peresenti ya kayendetsedwe ka ntchito, zotsalazo amazigawa patatu. Gawo lalikulu, 60 peresenti, ndi la zitukuko za anthu onse: mijigo, zipinda zophunzirira, nyumba za aphunzitsi, zipinda zochirira amayi, milatho ing'onoing'ono. Gawo la 20 peresenti limalipirira ana ovutika kusekondale zogonera komweko ndiponso achinyamata ophunzira ntchito zamanja m'masukulu ovomerezeka ndi bungwe la TEVETA. Lotsalalo ndi la magulu a amayi, achinyamata ndi makopaletivu, ndipo lili pawiri: thandizo losabweza ndi ngongole. Apa ndi pomwe ambiri amapunthwa. Ngongole ya CDF ndi ngongole ndithu, yoyenera kubwezedwa kuti ena akongolenso. Gulu lofuna thandizo liyenera kukhala lolembetsedwa mwalamulo ndiponso lokhala ndi akaunti kubanki. Kilabu yongopangana pansi pa mtengo dzulo silandira kanthu.

Tsono pempho la mjigo limayenda bwanji? Silimayambira kunyumba kwa phungu, limayambira kuzoni. Lamulo la maboma ang'ono la 2019 linakhazikitsa komiti ya chitukuko m'wodi iliyonse, imene anthu amangoitchula kuti WDC. Wodi imagawidwa m'mazoni, ndipo anthu a m'zoni amasankha wowaimira. Iye amakakhala m'komitiyo pamodzi ndi khansala, nthumwi ya mfumu, ndi ogwira ntchito za boma m'deralo monga alangizi a zaulimi, azaumoyo ndi azamaphunziro. Pamsonkhano wa zoni ndi pomwe anthu amatchula zosowa zawo n'kuziika mundondomeko: ichi choyamba, ichi chidikire.

Msonkhano umenewu ndi umene ine ndimauona kuti ndi wofunika kuposa yonse, koma ndi umenenso anthu amaunyozera. Ukaitanidwa nthawi yokolola nshawa kapena yothyola thonje, amayi ambiri sapezeka, chifukwa ntchito yakumunda siidikira. Opezekapo amakhala amuna a pafupi ndi msewu, ndipo zimene atchule ndi zimene zilembedwe. Mayi amene amadzuka m'mamawa kukatunga madzi kudambo akadakhalapo akadanena za mjigo. Wachinyamata akadanena za mlatho umene umamulepheretsa kupititsa matumba a mpendadzuwa kumsika. Palibe amene wawabera. Dzina la vuto lawo silinalembedwe basi. N'chifukwa chake anyakwawa ndi akuluakulu a mipingo ayenera kuumirira kuti tsiku la msonkhano lilengezedwe msanga, kutchalitchi, kusikelo ya ana ndi pawailesi, komanso kuti likhale tsiku loti anthu angathe kufika. Mutu umodzi susenza denga.

WDC ikasonkhanitsa mapempho a mazoni onse, imawatumiza ku komiti ya CDF ya dera lonse. M'menemo muli phungu, makhansala angapo, nthumwi ya mafumu, nthumwi za anthu, za mipingo ndi za mabungwe omwe si aboma, pamodzi ndi akuluakulu a khonsolo oona za mapulani, zomangamanga ndi zachuma. Akatswiri a khonsolo amapita kukaona malowo ndi kuwerengera mtengo wake. Komiti ikasankha, mndandanda umapita kwa akuluakulu a unduna wa maboma ang'ono kuti auvomereze, kenako khonsolo imalengeza ntchitoyo kuti makontrakitala apikisane, ndipo cholinga cha boma n'chakuti a m'deralo aziyamba kuganiziridwa.

Pali zina zimene zimadya ndalamazi pempho la m'mudzi lisanafike n'komwe. Maphunziro aulere atayamba mu 2022, ana anadzaza m'makalasi, ndipo boma linalamula kuti CDF igule madesiki kuti mwana asakhalenso pansi. Galimoto za apolisi ndi maambulansi zinagulidwanso ndi thumba lomweli. Zonsezi n'zothandiza, koma nzika iyenera kudziwa kuti ndalama yolengezedwa mu bajeti si yonse imene mazoni amagawana.

Ku Nyimba nkhaniyi ili ndi kulemera kwina. Madera onse a aphungu amalandira mofanana, posaona kukula kwa dera kapena kuvuta kwa misewu. Kumanga chipinda chophunzirira pafupi ndi boma n'kosiyana ndi kuchimanga kwa a mfumu Luembe, a Mwape kapena a Nyalugwe, kumene simenti imayenda mtunda wautali ndipo mvula ikagwa galimoto imavutika kufika.  Pamene komiti ikuwerenga mitengo, kumakhala kosavuta kusankha ntchito zitatu za m'mbali mwa msewu kusiyana ndi imodzi ya kuchigwa. Nthumwi za mafumu ndi makhansala a mawodi akutali ndi amene angaletse zimenezi, pokhapokha ngati ali ndi mapempho olembedwa bwino, osonyeza chiwerengero cha anthu ndi mtunda umene amayenda. Ku Petauke nakonso midzi ya kwa a Mwanjawanthu ndi a Mumbi ingaiwalike mosavuta pamene mawu a m'tauni akumveka kwambiri.

Ntchito ikayamba, udindo wa WDC ndi anthu sunathe. Funsani dzina la kontrakitala, mtengo wa ntchitoyo ndi tsiku loimaliza. Mukaona njerwa zosapsa kapena simenti yochepa, lembani kalata kwa wapampando wa WDC ndi kwa mlembi wa khonsolo kontrakitala asanalandire malipiro omaliza, ndipo musunge kope lanu. Khonsolo ikazengereza kuyankha, lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza zidziwitso za boma, limene linasainidwa mu Disembala 2023, limakulolani kupempha mndandanda wa ntchito zovomerezeka m'wodi yanu ndi ndalama zimene zagwiritsidwa kale pa iliyonse.