Kadimba ka Kuseri kwa Nyumba Kamateteza Ana ku Matenda

Pa nchito yanga ya ku cipatala ndimaona ana ambiri a m'makomboni a pa Boma pano pa Lundazi amene sikelo yao siikwera. Ena amabwera ndi manja oyera cifukwa ca kucepa kwa magazi, ena atatupa mapazi. Ndikafunsa mai kuti mwana amadya ciani, yankho limakhala lakuti phala la unga wokha, kapena nsima ndi msuzi. Maiyo sindimdzudzula, pakuti m'tauni ndiwo zonse n'zogula, ndipo ndalama zimatha mwezi usanathe.

Vutoli si la kuno kokha. Kafukufuku wa zaumoyo wa mu 2018 anapeza kuti ana 35 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 m'Zambia anali opinimbira. Cilala ca mu 2024, cimene Boma linacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse, cinakwezanso mitengo ya zakudya. N'cifukwa cake ine ndinayamba kulima kuseri kwa nyumba yanga, ndipo ndikupempha inu makolo kuti muciteko cimodzimodzi.

Kodi masamba amathandiza bwanji? Bondwe, cibwabwa, repu ndi kholowa ali ndi vitamini A amene amateteza maso ndi kulimbitsa thupi polimbana ndi cikuku ndi kutsegula m'mimba. Alinso ndi ayironi amene amapanga magazi. Nyemba ndi nshawa zimamanga thupi. Ndiwo zikakhala pakhomo, mwana amadya tsiku lililonse, osati pa malipiro pokha, ndipo kandalama ka ku msika kamagulidwa kapenta kapena mazira.

Ena adzati, "Ife tili pa lendi, malo tilibe." Tengani saka yakale ya makilogalamu 50. Ikani miyala ing'onoing'ono mu mzere woimirira pakati pake kuti madzi azitsika, ndipo m'mbali mudzaze dothi losakaniza ndi manyowa. Boolani mabowo m'mbali mwa saka, mubzalemo mbande za repu, ndi zina pamwamba. Pakapita mwezi umodzi kapena kuposerako pang'ono mudzayamba kuthyola. Mukasamuka, dimba lanu mupita nalo.

Feteleza wa m'sitolo safunika. Bungwe la COMACO, limene lagwira nchito ndi alimi a kuno kuyambira mu 2003, limaphunzitsa kupanga kompositi ndi kubwezera nthaka ndi masamba a mtengo wa gliricidia. Nzeru yomweyo imagwira m'tauni. Kumbani kadzenje, muziponyamo makoko a nshawa, masamba ouma, phulusa ndi zitosi za nkhuku. Dikirani ziwole bwino, cifukwa zitosi zaziwisi zimaocha mbeu ndipo zili ndi tizilombo ta matenda. Phimbirani nthaka ndi udzu kuti cinyontho cisathe msanga m'nyengo ya dzuwa.

Koma dimba losasamalidwa lingabweretse matenda m'nyumba. Kumbukirani izi:

1. Musathirire ndi madzi a m'ngalande, ocapira matewera kapena ocokera kufupi ndi cimbudzi. Madzi otere amanyamula njoka za m'mimba ndi kolera, matenda amene anapha anthu mazana ambiri m'dziko muno mu 2023 ndi 2024. Madzi otsukira mbale ngabwino, koma thirani pa dothi, osati pa masamba.

2. Vundikirani mgomo wa madzi, ndipo musasiye zithaphwi, kuti udzudzu wa malungo usaswane.

3. Ngati mwapopera mankhwala, werengani pa botolo masiku oyenera kudikira musanathyole. Musathire mankhwala a thonje pa ndiwo, ndipo musawasunge m'botolo la zakumwa pomwe ana angafike.

4. Tsukani masamba ndi madzi aukhondo musanawadule.

Kaphikidwe nakonso n'kofunika. Musaphike masamba nthawi yaitali, ndipo cepetsani soda ndi cidulo pakuti zimaononga mavitamini ena. Tenderani ndi nshawa kapena ikani tisaladi pang'ono, cifukwa thupi silitenga bwino vitamini A popanda mafuta. Mwana akakwanitsa miyezi 6, sinjani masamba ophika muwaike m'phala lake, uku akupitiriza kuyamwa. Masamba akaculuka, pangani mfutso, ndipo muumitse pa mthunzi kuti mphamvu yake isathe.

Dimba silitenga malo a kiliniki. Pitirizani kupita ndi ana ku sikelo mwezi uliwonse, ndi kukalandira katemera ndi vitamini A pa sabata ya umoyo wa ana. Mwana akatupa mapazi kapena akakana kudya, thamangirani ku cipatala tsiku lomwelo. Nanunso abambo, nchito iyi musaisiyire amai okha. Pezani saka imodzi sabata ino, mubzale.