Njinga nayo ndi chida cha ulimi, isamalireni dzinja lino

Walira mvula walira matope. Alimi a m'boma la Mulanje amaudziwa bwino mwambiwu chifukwa mvula yomwe imabiriwiritsa tiyi, nanazi ndi nthochi ndi yomweyonso imasandutsa misewu ya kumudzi kukhala phala lofiira. Madera olima tiyi a kummwera kwa phiri amalandira mvula yoposa mamilimita 1 500 pachaka, pomwe ku Lilongwe zaka zambiri siifika 1 000. Kuyambira Disembala mpaka Epulo, galimoto zambiri zimathera pa tala, ndipo chotsala cholumikiza munda ndi msika ndi njinga ya kapalasa.

Amene adafikako ku Limbuli tsiku la msika, kapena pachipata cha Muloza, adaona ntchito yomwe njinga imagwira. Matumba a chimanga ochokera ku Milange m'dziko la Mozambique akhala akuoloka pa kaliyala kwa zaka zambiri. Nanazi, mikoko ya nthochi, chinangwa, nandolo, nkhuku ndi zigubu za mkaka zimafika pa Chitakale, pa Chonde ndi pa Nkando zitamangidwa ndi malegeni.

Chodabwitsa n'chakuti mlimi yemwe amanola khasu ndi kutsuka sipuleya akamaliza kupopera mankhwala, njinga amangoitsamiritsa pakhonde ili matope okhaokha. Amaikumbukira tsiku lomwe tcheni chaduka ali pakati pa ulendo. Njinga ikafa mu Januwale, mlimi amagulitsira pakhomo kwa venda pa mtengo womwe venda wanena, feteleza wobereketsa amafika mochedwa kumunda, ndipo mkaka umasasa usadafike kokaugulitsa. Zambiri zomwe zimapha njinga m'dzinja zimapeweka ndi madzi, kansanza, oyilo ndi mphindi zochepa.

Tcheni

Matope a ku Mulanje akasakanikirana ndi oyilo amakhala ngati mwala wonolera. Amadya tcheni komanso mano a magudumu omwe tchenicho chimayendapo. Mukabwera koyenda m'matope, tsukani njinga matope asadaume. Gwiritsani ntchito ndowa ndi nsanza, ndipo pa tcheni pitanipo ndi mswachi wakale. Ngati chada kwambiri, chitsukeni ndi palafini pang'ono.

Pukutani kuti chiume, kenaka dontheretsani oyilo pa mfundo iliyonse uku mukuzunguza pedulo. Mukatero pukutaninso. Oyilo amafunika m'kati mwa mfundo, wakunja amangoitana mchenga. Oyilo wa galimoto watsopano amagwira bwino ntchitoyi. Wakuda wokhetsedwa mu injini amakhala ndi zinyalala, ndipo mafuta ophikira amamata akakhalitsa.

Pa njinga yopanda magiya, tcheni chikadinidwa ndi chala pakati chiziyenda pafupifupi sentimita imodzi. Chikalekerera kwambiri chimavuka pokwera mtunda, chikakungika kwambiri chimadya zitsulo ndi kulemetsa mwendo. Kuti mudziwe ngati chatha, chikokeni kutsogolo kwa gudumu la mano lalikulu. Chikanyamuka mpaka dzino kuonekera, chatha. Chisintheni msanga, chifukwa tcheni chakutha chimaononga filiwilo, ndipo mukatero mugula ziwiri m'malo mwa chimodzi.

Mabuleki

Njinga zambiri zonyamula katundu zili ndi malimu achitsulo ndi mabuleki a mphira. Limu likanyowa, mphira imayamba yapukuta madzi isadagwire, choncho njinga imapitirira kaye isadaime. Onjezanipo thumba la makilogalamu 50 kumbuyo ndi mtsetse wa m'mphepete mwa phiri, muona chifukwa chake ngozi zimachuluka nyengo ino.

Yambani kugwira mabuleki mukadali patali, pang'onopang'ono, kuti limu liume. Gwirani onse awiri, koma poterera yambani ndi akumbuyo, poti akutsogolo akagwidwa mwadzidzidzi tayala limaseseleka. Chepetsani liwiro musadafike pokhota, osati muli kale pakona. Mtsetse ukakula ndipo katundu ndi wolemera, tsikani muziikankha. Kuponda tayala ndi phazi kapena nsapato si buleki.

Mchenga umadya mphira za mabuleki msanga m'dzinja kusiyana ndi m'chilimwe. Ziyang'aneni sabata iliyonse, chotsani timiyala tolowamo, ndipo zikatsala pang'ono kufika pa chitsulo zisintheni. Onetsetsani kuti zikugunda pa limu, osati pa tayala.

Njinga zina, monga Buffalo ya bungwe la World Bicycle Relief, zili ndi buleki ya m'kati mwa habu yomwe imagwira mukapalasa chobwerera. Buleki yotere siivutika ndi mvula, koma imadalira tcheni. Tcheni chikavuka, bulekiyo yapita, choncho eni njinga zotere asamale kwambiri kakungidwe ka tcheni.

Mahabu ndi pakati pa mapedulo

M'kati mwa mahabu, pakati pa mapedulo ndi pakhosi pa mahandulo muli timipira tachitsulo, mabering'i, tomwe timayenda mu girisi. Madzi akalowa amatsuka girisiyo ndipo dzimbiri limayamba. Izi zimachitika kwambiri mlimi akamaolotsa njinga mumtsinje chokankha, kapena akamaitsukira m'madzi momwemo. Pamtsinje wosaya, tsitsani katundu, nyamulani njinga paphewa.

Kuyesa n'kosavuta. Nyamulani tayala ndi kulizunguza. Likamalira ngati mukupera mchenga, kapena likaima msanga, m'kati mwauma. Kenaka ligwedezeni cham'mbali. Likamagwedera, habu yamasuka. Pitani nayo kwa wokonza njinga kuti atsegule, atsuke, aike girisi watsopano ndi kusintha mabering'i otha. Ntchitoyi ichitike kawiri pachaka: mu Okutobala kapena Novembala mvula isadayambe, ndi mu Meyi ikatha. Kuchedwa kumadyetsa ekiselo ndi habu yomwe, ndipo pamenepo wilo yonse imafunika kumangidwanso.

Matayala ndi masipoko

Ena amaphwetsako mpweya poganiza kuti njinga siterera. Pa njinga yosanyamula kanthu zimathandiza pang'ono, koma ndi katundu n'kulakwitsa. Tayala lofewa likagunda mwala kapena dzenje lobisika m'madzi, limu limatsina chubu n'kuboola mabowo awiri oyandikana. Popani mpaka tayala lizikana kudinika ndi chala chachikulu, makamaka lakumbuyo.

Mphira yonyowa imabooka msanga ndi minga komanso magalasi. Pomata, pukutani chubu chiume, khulani pabowo, pakani soloshoni pang'ono ndi kudikira mphindi zisanu kuti aume musadaike chigamba. Ambiri amafulumira apa, n'chifukwa chake chigamba chimamatuka. Musadabwezeretse chubu, yendetsani zala mosamala m'kati mwa tayala kuti mupeze munga womwe udaboola. Onaninso kuti kalamba kophimba mitu ya masipoko m'kati mwa limu kadakali bwino.

Sipoko imodzi ikaduka, katundu wake amagwera zinzake ndipo zimaduka motsatizana mpaka limu kupindika. Musadikire kuti zikwane zitatu. Poyenda mu dothi lomata, tengani kamtengo kochotsera matope pakati pa tayala ndi madigadi, chifukwa akadzaza wilo imakana kuzungulira.

Katundu asanyowe, njinga isapsinjike

Kaliyala wa Buffalo adapangidwa kuti azinyamula mpaka makilogalamu 100, omwe ndi matumba awiri a feteleza. Njinga zambiri za pamsika sizifika pamenepo. Panjira yoterera, ndi bwino kuyenda maulendo awiri kusiyana n'kuthyola fulemu pa ulendo umodzi. Katundu akhale m'munsi, alemere mofanana mbali zonse, ndipo malegeni asalendewere pafupi ndi masipoko.

Feteleza, makamaka Urea, amayamwa chinyezi ndi kusungunuka. Akanyowa mlimi amataya pawiri: mchere wa m'thumba umachepa, ndipo madzi ake akadonthera pa njinga amadyetsa chitsulo dzimbiri mwachangu. Kutirani thumba ndi pepala la pulasitiki lolimba, pansi ndi pamwamba, ndipo mukafika tsukani kaliyala, limu ndi masipoko ngakhale tsikulo kusadagwe mvula.

Chimanga, nandolo ndi mtedza zikanyowa panjira zimachita chuku. Zikavumbwa, musasunge thumba lomanga. Khuthulani ndi kuyanika pamalo pouma, podutsa mphepo. Nanazi, mapeyala ndi tomato zimafuna udzu kapena masamba a nthochi pansi pa dengu kuti zisatunduzike pa mabampu, poti chipatso chotunduzika chimaola msanga ndipo ogula amachikana.

Alimi a ng'ombe za mkaka, omwe ambiri m'dera lino amagulitsa kudzera m'magulu a pansi pa Shire Highlands Milk Producers Association, ali pa mpikisano ndi nthawi. Mkaka umafunika kufika poziziritsira pasadathe maola awiri kapena atatu chiukamireni, ndipo pamalopo amauyeza ngati wayamba kusasa kapena uli ndi madzi. Tsekani chigubu mothina kuti madzi a mvula ndi matope zisalowe. Nyamukani msanga kusiyana ndi masiku a chilimwe, ndipo pampu, sipanala, chigamba ndi soloshoni zisamasiyane ndi njinga. Tayala lophwa panjira lingatayitse mkaka wa tsiku lonse.

Moyo wa wopalasa

Mitsinje ya Ruo, Lichenya, Likhubula, Thuchila ndi Muloza imachokera m'phiri. Imatha kudzaza mwadzidzidzi ngakhale pomwe muli pasakugwa mvula, chifukwa yagwa kumtunda. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adaonetsa mphamvu ya madziwa pomwe adakokolola milatho, minda ndi midzi ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo anthu ambiri adataya miyoyo. Madzi akamathamanga, akasintha mtundu kapena akamabwera ndi zinyalala ndi mitengo, musaoloke. Pamlatho womwe wamira simungadziwe ngati thabwa kapena dothi la m'mbali likadalipo. Dikirani, madzi a m'phiri sachedwa kuphwa. Mverani pa wailesi zomwe a nthambi yoona zanyengo akulengeza musadakonze ulendo wautali.

Pamsewu wa tala wochokera ku Luchenza kudzera pa boma mpaka ku Muloza, komanso wa Midima, mumayenda malole, mathirakitala a m'minda ya tiyi, minibasi ndi njinga zamoto. Mvula ikamagwa, dalaivala saona patali. Yendani kumanzere, motsogozana osati moyandikana. Valani chovala chowala, ikani zonyezimira kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo ngati mumalawirira kapena kubwerera kutada, khalani ndi nyali. Thumba likaphimba chonyezimira chakumbuyo, mangani china pa thumbalo.

Kupalasa dzanja limodzi litagwira ambulera n'kuika moyo pachiswe, chifukwa buleki imodzi imatsala yopanda dzanja ndipo mphepo imakukankhirani pakati pa msewu. Jekete la mvula ndi labwino, bola lisakhale lalitali lokodwa m'masipoko. Amayi amange chitenje mothina mbali ya tcheni. Kukamachita ziphaliwali, tsikani pa njinga, bisalani m'nyumba, osati pansi pa mtengo.

Chiperoni nachonso

Mvula ikasiya mu Epulo, alimi a ku Mulanje sapuma ngati anzawo a m'maboma ena. Pakati pa Meyi ndi Ogasiti kumabwera chiperoni, kamvula kowaza ndi nkhungu komwe dzina lake lidachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Nyengoyi imakumana ndi nthawi yotuta ndi kugulitsa zokolola. Kamvulaka sikaoneka koopsa, koma kamanyowetsa malimu, kamateretsa dothi lolimba la pamsewu, ndipo kamadyetsa dzimbiri njinga yogona panja. Njinga izigona m'nyumba kapena pakhonde pouma, kutali ndi matumba a feteleza ndi mchere.

Ikani njinga pa bajeti

Polemba ndalama za mbewu, feteleza ndi aganyu, lembaninso za njinga: girisi, oyilo, mphira za mabuleki, chubu chapadera, masipoko angapo, komanso tayala ndi tcheni ngati zatha. Gulani mukangogulitsa zokolola, chifukwa mu Januwale ndi Febuluwale, pomwe njinga imaonongeka kwambiri, m'pomwenso m'thumba mumakhala mopanda kanthu. A m'makalabu ndi m'mabanki a m'mudzi angathe kusonkherana pampu yabwino ndi masipanala zoti azibwerekana.

M'mawa uliwonse musadakweze katundu, dinani matayala, gwirani mabuleki onse awiri, yang'anani tcheni ndi kugwedeza kaliyala kuti mumve ngati pali nati yomasuka. Pakutha pa sabata, tsukani njinga yonse, thirani oyilo ndi kumanga zomwe zamasuka. Phokoso lachilendo likayamba, pitani nayo kwa wokonza tsiku la msika lomwe likubwera, lisadafike tsiku lomwe mwanyamula mkaka kapena feteleza.