Chifefe chachifupi cha akauboyi: chingateteze nyumba ku Phalombe?

Pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, m'boma la Phalombe, pali mpata umene anthu amadutsa popita ku Nkhulambe ndi kumalire a Mozambique. Pampata pomwepo pali mabwinja a linga la Fort Lister, limene atsamunda a ku Britain anamanga mu 1893, nthawi ya Harry Johnston, kuti atseke njira ya ogulitsa akapolo yotsikira ku Quelimane. Malondawo ankayenda pamodzi ndi mfuti, pakuti amene ankatsika ndi anthu ndi minyanga ya njovu ankabwerako ndi nsalu, wonga ndi mfuti za gogodera. N'chifukwa chake pangano limene mayiko a ku Ulaya anasainirana ku Brussels mu 1890 lothetsa malonda a akapolo linaletsanso kugulitsa mfuti zamakono m'chigawo chachikulu cha Africa. Kuyambira masiku amenewo, boma lakhala likufuna kudziwa amene ali ndi mfuti komanso mtundu wa mfutiyo.

Akapolo anatha, linga linagumuka, koma mantha a usiku akadalipo. Mlimi amene wagulitsa nandolo n'kugona ndi ndalama m'nyumba, kapena mwini golosale amene polisi ili naye kutali, nthawi zina amalakalaka chida. Ndipo chimene ambiri anachionapo m'mafilimu a akauboyi ndi chifefe chachifupi cha mipope iwiri, chija munthu amachithyola pakati, n'kulongamo zipolopolo ziwiri, n'kuchitseka.

Mfutiyi inatchuka ku America m'zaka za m'ma 1800. Kampani ya Wells Fargo, yomwe inayamba mu 1852, inkanyamula golide ndi ndalama pa ngolo zokokedwa ndi akavalo, ndipo pambali pa woyendetsa ngolo pankakhala mlonda atagwira chifefe. Pangolo yogwedezeka, mfuti yaitali inkavuta kutembenuza, choncho alonda ankakonda yaifupi. Chifefe chosakira nkhanga chimakhala ndi mipope ya masentimita 66 mpaka 76, pamene cha alonda a pangolo chimakhala ndi mipope ya masentimita 46 mpaka 61.

Ngolo zija zinasiya kuyenda kalekale, koma mfutiyo inapezanso moyo m'masewera. Ku California kunabadwa mpikisano woombera zitsulo, umene opikisana amavala ngati akauboyi ndi kugwiritsa ntchito mfuti za mitundu yakale. Bungwe la Single Action Shooting Society, lomwe linakhazikitsidwa mu 1987, ndilo limayendetsa masewerawa, ndipo makampani monga Stoeger, amene zifefe zake zimapangidwa ku Brazil, akugulitsabe mfutizi kwa osewera ndi kwa ofuna kuteteza nyumba.

Ubwino wake ndi wosavuta kuuona. Ziwalo zake n'zochepa, choncho sichionongeka chisawawa ngakhale pa fumbi. Munthu akachithyola, aliyense amaona ndi maso ngati muli chipolopolo kapena mulibe. Pakhomo lopapatiza chimatembenuka msanga. Poyerekeza ndi gogodera, imene mwini wake ankathira wonga kukamwa kwa mfuti n'kusinja ndi kamtengo, ndipo mvula ikagwa inkakana kulira, chifefe n'chodalirika kwambiri.

Komabe mafilimu ananamiza anthu pa mfundo imodzi yaikulu. Ambiri amakhulupirira kuti chifefe chachifupi chimamwaza mtovu chipinda chonse, kotero kuti woombera safunika kulunjika. Zimenezo si zoona. Chipolopolo cha chifefe chimakhala ndi timipira tamtovu. Chimene chimagwiritsidwa ntchito pa nyama zikuluzikulu nthawi zambiri chimakhala ndi timipira 9. Timipirato timatuluka tili pamodzi, ndipo pa mtunda wa mamita 5, womwe ndi utali wa chipinda chochezera, timamwazika pamalo osaposa chikhatho. Chimene chimalamula kumwazikako ndi kupanikizika kwa kukamwa kwa mpope komanso mtundu wa chipolopolo. Kufupika kwa mpope kumathandiza pang'ono chabe. Munthu wodzidzimuka kutulo, ali mu mdima ndipo manja akunjenjemera, angathe kuphonya. Mtovu wophonyawo suima pa chitseko cha matabwa kapena pa lata. Umapitirira, ndipo m'nyumba zambiri kuseri kwa chitsekocho kumagona ana.

Palinso nkhani ya chiwerengero. Mipope iwiri ndi zipolopolo ziwiri basi. Osewera a ku America amalonganso mofulumira chifukwa amayeserera kambirimbiri, masana, zitsulo zimene akuombera zili chiimire. Mbava sizibwera imodzi, ndipo m'maboma a m'malire anthu akukumbukira mmene mfuti za AK-47 zinalowera m'dziko muno pa nthawi ya nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992. Komanso chifefe chopepuka chimakankha phewa mwamphamvu kuposa cholemera, zomwe zimasokoneza kuombera kwachiwiri.

Kufupika kumene kumakopa mwini nyumba n'komwenso kumakopa wakuba, chifukwa mfuti yaifupi imabisika m'jekete. Mayiko ambiri amaiyang'anitsitsa pa chifukwa chimenechi. Lamulo la ku America la mu 1934 linaika malire a masentimita 46: chifefe cha mpope wofupika kuposa pamenepo chimafuna kalembera wapadera. Ku Britain malire ake ndi masentimita 61. Kuno ku Malawi, lamulo la mfuti la mu 1967 limafuna kuti munthu apeze chilolezo kupolisi asanagule mfuti iliyonse, ndipo akhale ndi chiphaso chimene amachikonzanso chaka ndi chaka. Wopezeka ndi mfuti popanda chiphaso amaimbidwa mlandu, kaya ndi chifefe chochokera kunja, kaya ndi gogodera yosulidwa kumudzi. Ngakhale chiphasocho sichipereka ufulu woombera aliyense wolowa pabwalo. Khoti limafunsa ngati moyo unalidi pachiswe, ndiponso ngati mphamvu imene munthu anagwiritsa ntchito inali yolingana ndi choopsacho. Woombera mnyamata amene akuthawa ndi nkhuku amakayankha mlandu waukulu kuposa wa nkhukuyo.

Pa mpikisano wa akauboyi, lamulo limati chifefe chinyamulidwe chili chothyola komanso chopanda kanthu mpaka nthawi yoombera itakwana. Mwini nyumba ku Phalombe akatsata zomwezo, n'kutsekera mfuti m'bokosi ndi zipolopolo kwina, amafunika mphindi zingapo kuti aitulutse ndi kuilonga chitseko chikugumulidwa. Akaisiya yolongalonga pansi pa bedi, imakhala pomwepo masana onse, iye ali kumunda ndipo ana abwerako kusukulu.