Madzi Saiwala Khwawa: Mawu a Madzi M'malamulo a Nthaka

Malamulo a dziko lino okhudza madzi ndi nthaka analembedwa m'Chingerezi, koma oyenera kuwatsata ndi mlimi wa kudimba, nyakwawa yogawa malo ndiponso mmisiri womanga nyumba, anthu amene amalingalira ndi kuweruza milandu m'chinenero chawo. Choncho mphunzitsi kapena wachinyamata wotsiriza sukulu akapemphedwa kumasulira lamulo pabwalo la mfumu, wasenza katundu wolemera, pakuti liwu limodzi lomasuliridwa mokhota likhoza kulanda munthu dimba lake, kapena kumlola kumanga nyumba panjira ya madzi.

Liwu lovuta koposa ndi lakuti "watershed". Ku Britain liwuli limatanthauza mtunda wogawa madzi, ndiye kuti msana wa phiri kapena chitunda pamene mvula ikagwa, madzi ena amatsikira uku, ena uko. Chitsanzo chake chili pamsewu wa pakati pa Dedza ndi Ntcheu. Pangano la 1891 la pakati pa Britain ndi Portugal linaika malire a chigawochi potsata mtunda wotere. N'chifukwa chake pa Lizulu msewu unadutsa m'malire enieni: madzi a kum'mawa amapita ku Nyanja ya Malawi, pamene a kumadzulo amalowa m'dziko la Mozambique kunka ku Zambezi.

Koma ku America liwu lomweli limatanthauza dera lonse limene madzi ake amasonkhanira mumtsinje umodzi, lomwe m'malamulo a kuno limatchedwa "catchment area". M'Chichewa lingatchedwe chigwa cha mtsinje, malinga womvayo adziwe kuti chigwacho chimayambira pamwamba penipeni pa mapiri, osati m'mbali mwa madzi mokha. Tanthauzo loyamba ndi mzere, lachiwiri ndi dera. Wosokoneza ziwirizi adzateteza nsonga ya phiri n'kulekerera nkhwangwa ikupulula mitengo ya m'munsi mwake.

Mapiri a Dzalanyama amaonetsa matanthauzo onse awiri. Msana wake ndi malire a Malawi ndi Mozambique, ndipo nkhalango yake ndi gwero la mtsinje wa Lilongwe, umene umadzaza madamu a Kamuzu, kumene mzinda wa Lilongwe umamwa. Pamene boma linatumiza asilikali kukalondera nkhalangoyi m'chaka cha 2015, sanapite kukalondera mzere wa malire ayi, koma chigwa chimene ootcha makala anali kuchivula. Lamulo la madzi la 2013, limene linalowa m'malo mwa la 1969, limatsata nzeru yomweyi, pakuti limafuna kuti madzi aziyang'aniridwa potsata zigwa za mitsinje. Mtsinje sudziwa pamene boma la Lilongwe lathera ndi pamene la Salima layambira.

Chichewa sichisowa mawu pankhaniyi. Gwero ndi pamene mtsinje wayambira. Kasupe ndi pamene madzi amatumphuka m'nthaka. Dziwe ndi pozama pa mtsinje, pamene madzi amatsalira m'chilimwe. Thamanda ndi madzi a mvula ongoima, amene amaphwa dzuwa likakula. Khwawa ndi njira ya madzi imene imakhala youma miyezi yambiri, koma mvula ikagwa imasanduka mtsinje wolusa. Apa ndi pogona nkhani. Womasulira akauza anthu kuti lamulo likuletsa kulima kapena kumanga m'mbali mwa mtsinje, mwini malo adzaloza khwawa louma n'kunena kuti si mtsinje, ndipo m'Chichewa adzakhala akunena zoona. Komatu akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. M'mwezi wa Marichi 2023, pa nthawi ya namondwe wa Freddy, matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinatsika mpaka ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre, ndipo anthu ambiri anataya miyoyo. Kutchula khwawa m'malamulo a m'mudzi ndi a m'tauni si kuchulukitsa mawu chabe.

Liwu lina lofunika kulisamala ndi dambo. Limeneli linapambana kotero kuti ngakhale akatswiri olemba m'Chingerezi amalitchula momwemo. Ndondomeko ya nthaka ya dziko lino ya 2002 inaika madambo m'gulu la malo a anthu onse a m'dera la mfumu, osati a munthu mmodzi. Chifukwa chake n'choonekeratu: dambo limasunga chinyontho ngakhale m'chilimwe, ndipo ndi momwe ng'ombe zimapeza msipu kumtunda kukauma. Koma dambo si dimba. Dimba ndi munda umene banja lakonza m'dambomo kapena m'mbali mwa mtsinje. Mlandu wofuna kudziwa pamene ufulu wa mwini dimba wathera ndi pamene ufulu wa mudzi wayambira sungaweruzidwe bwino mawu awiriwa akasakanizidwa.

Mbiri ili ndi chenjezo lake. Malamulo a malimidwe a nthawi ya atsamunda, amene anayamba m'ma 1940, anakakamiza anthu kuunda mizere yopingasa ndi kuleka kulima m'mbali mwa mitsinje, ndipo olakwira ankalipitsidwa kapena kumangidwa. Anthu anadana nawo kwambiri, ndipo m'chaka cha 1953 Inkosi Gomani ya ku Ntcheu inachotsedwa paudindo itauza anthu ake kuti asawatsate, posonyeza kukana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Zina mwa nzeru za m'malamulowo zinali zoona, koma zinafika ndi chikoti, m'chinenero cha olamula.

Lamulo limene anthu angalisunge ndi lija angathe kuliloza ndi chala. Ntchito yabwino kwa mphunzitsi ndi kutuluka ndi ophunzira ake, kutsata mtsinje wa kwawo kuchokera kugwero, n'kulemba khwawa lililonse, dambo lililonse ndi dziwe lililonse m'mayina amene agogo amawadziwa. Mapu otere akafika pabwalo la mfumu, womasulira sadzasowa chonena.