BOKOSI LOCENJEZA ZA MOTO

Moto ukabuka pamudzi sipafunika belu. Munthu amene wayamba kuuona akuwa, nati, "Moto! Moto kuno!" Pomwepo anthu onse aturuka m'nyumba zao, ndipo palibe amene afunsa kuti moto uli kuti, pakuti utsi uoneka poyera pamwamba pa denga. Akazi athamanga ndi mitsuko ya madzi, amuna athyola nthambi zaziwisi, ndipo ena asasula udzu wa pa nkhokwe yapafupi kuti moto ungalumphire pamenepo.

M'mizinda monga Lusaka, Ndola ndi Kitwe zinthu nzosiyana. Kumeneko kuli zipatala, mahotela, masitolo akulu ndi nyumba zosanja za maofesi. Nyumba ya Findeco House mu Lusaka iri ndi nsanjika zoposa 20. M'nyumba yotere moto ungayambe usiku m'cipinda cotseka cosungiramo mapepala, popanda wouona. Ngakhale wina auone nakuwa, mau ace sangapyole makoma a simenti kukafika kwa anthu a pa nsanjika ina. Cifukwa cace anthu anapanga makina ogwira nchito ya mlonda wosagona. Ambiri amawachula alamu ya moto.

Nzeru yotumiza uthenga wa moto ndi magetsi siyatsopano ai. Mumzinda wa Boston, ku America, anayamba kucita zimenezi m'caka ca 1852. Anaika timabokosi m'miseu, ndipo munthu woona moto anali kupukusa cigwiriro ca kabokosi kapafupi. Uthenga unali kuyenda pa waya kufika ku ofesi imodzi, ndipo a ku ofesiyo anali kudziwa dera limene wacokera. Makina a lero acita zomwezo m'kati mwa nyumba imodzi.

Munthu akalowa m'cipatala kapena m'hotela nayang'ana kudenga, aona timbale toyera tozungulira, tomamatira kumwamba mozondoka. Timbale timeneti ndito mphuno za makinawo. M'kati mwa kambale muli kacipinda kamdima mmene muli kanyali kakang'ono ndi diso la magetsi. Disolo analiika pambali kuti lisaone kuwala kwa kanyaliko. Ana amene akhalapo m'nyumba yophikira ya udzu adziwa kuti dzuwa likalowa pa kaboo ka padenga, mzere wa kuwala kwace suoneka bwino kufikira utsi wa pamafuwa utadutsapo. Ndi momwemonso m'kambale muja. Utsi ukalowamo umwaza kuwala, diso likuona, ndipo kambale katumiza uthenga. M'zipinda zophikira, mmene utsi ndi nthunzi sizisowa, amaikamo timbale ta mtundu wina tomva kutentha. Tambiri ta ito timadzuka mpweya ukafika pa madigiri ngati 58. Thupi la munthu wosadwala liri pa madigiri 37.

Pafupi ndi zitseko zoturukira panja ndiponso pa makwerero pali timabokosi tofiira ta pakhoma. Munthu amene waona moto ndi maso ace, timbale tisanaumve, adinikiza pakati pa kabokosiko ndi cala cacikulu. Takale tinali ndi galasi loyenera kuswa. Tambiri ta masiku ano tiri ndi pulasitiki yongolowa m'kati.

Mawaya onse ocokera ku timbale ndi timabokosi akumana pa bokosi limodzi lalikulu lacitsulo, ndipo kucokera pamenepo mawaya ena apita ku mabelu. Bokosi limeneli ndilo mutu wa makina onse. Amalipacika pafupi ndi khomo lalikulu, kapena m'cipinda ca alonda, kuti ozimitsa moto akafika alipeze msanga. Pankhope pace pali nyali zazing'ono, mabatani, ndiponso kazenera koonetsa malemba. Mau olembedwa pamenepo kawiri-kawiri ali m'Cingelezi, cotero woliyang'anira ayenera kuwaphunzira bwino moto usanabuke.

Nyali za pa bokosi ziri ndi mitundu itatu. Yobiriwira inena kuti magetsi alipo ndipo bokosi liri maso. Imeneyi iyenera kuyaka usana ndi usiku. Yofiira, pamene palembedwa FIRE, inena za moto. Yacikasu, pamene palembedwa FAULT, inena kuti makinawo adwala pena pace: kapena waya waduka, kapena wina wacotsa kambale, kapena magetsi azima. Kodi bokosi lidziwa bwanji kuti khoswe wadula waya kudenga kumene kulibe woona? Nthawi zonse limatumiza mphamvu ya magetsi yocepa kwambiri pa waya uliwonse, ndi kumvetsera ngati yafika kumapeto. Ikaleka kufika, nyali yacikasu iyaka ndipo bokosi liyamba kulira motsitsa ngati nkhululu.

Kulira kumeneku kumatopetsa, ndipo alonda ena amangokutontholetsa ndi kuiwala. Uku nkulakwa kwakukulu. Nyali yacikasu itanthauza kuti mbali ina ya nyumba iribe mlonda, cotero ayenera kuitana mmisiri tsiku lomwelo.

M'kati mwa bokosi muli mabatire amene alandira nchito magetsi akazima. Mwa nthawi zonse amawasankha kuti athe kusunga makina maora 24, ndi kutsala ndi mphamvu yoliza mabelu mphindi 30. Nkhani iyi njofunika m'dziko la Zambia. M'caka ca 2024, pamene madzi anacepa m'nyanja ya Kariba cifukwa ca cilala, magetsi anali kuzima maora ambiri pa tsiku. Mabatire amene sapeza nthawi yokwanira yodzaziranso mphamvu amafooka msanga, ndipo bokosi la mabatire akufa liri ngati galu wopanda mau.

Tsono nchito yaikulu ya bokosi, yoposa kuliza mabelu, ndiyo kunena kumene kuli moto. Nyumba yonse amaigawa m'zigawo, ndipo cigawo ciriconse ciri ndi nambala yace ndi nyali yace yofiira. Pambali pa bokosi amapacika mapu a nyumbayo oonetsa zigawozo. Nyali ya cigawo 4 ikayaka, mlonda ayang'ana pa mapu naona kuti cigawo 4 ndico nsanjika yaciwiri, mbali ya kum'mawa. Mabokosi atsopano aposa pamenepa, pakuti kambale kalikonse kali ndi nambala yaceyace, ndipo pa kazenera paja palembedwa dzina la cipinda cenicenico.

Mabatani ena angathe kudinikizidwa ndi munthu aliyense, monga lija lotontholetsa kulira kwa bokosi lokha. Koma mabatani olamulira mabelu a nyumba yonse ngokhoma. Sagwira nchito kufikira munthu atalowetsa mfungulo, kapena atadinikiza manambala acinsinsi pa timabatani ta manambala tofanana ndi ta pa foni. Anacita dala zimenezi kuti mlendo amene wakwiya ndi phokoso asathe kuzimitsa mabelu anthu ali m'tulo.

Pa mabatani okhomawo pali awiri amene anthu amawasokoneza. Loyamba ndi lolembedwa SILENCE. Limeneli litontholetsa mabelu, koma nyali yofiira ikhalabe ciyakire, ndipo bokosi likumbukirabe kumene uthenga unacokera. Laciwiri ndi lolembedwa RESET. Limeneli lizimitsa nyali zofiira ndi kufafaniza malemba a pa kazenera, ndipo bokosi libwerera monga linaliri kusanacitike kanthu. Pa awiriwa palibe limene lizima moto. Pali batani linanso, limene pa mabokosi ambiri lalembedwa EVACUATE, loliza mabelu onse nthawi imodzi kuti anthu aturuke.

Mabelu akalira, mlonda wodziwa nchito yace sathamangira kuwatontholetsa. Ayamba waima pa bokosi ndi kuwerenga bwino nambala ya cigawo ndi mau onse olembedwa, nayang'ana pa mapu. Anthu ali kuturuka, iye atuma mnzace kukaona, ndipo awiriwo alankhulana pa wailesi ya m'manja kapena pa foni. Wopitayo akafika pa citseko cotseka, acikhudza ndi kunja kwa dzanja. Cikakhala cotentha, kapena utsi ukamaturuka pansi pace, satsegula, cifukwa mpweya wolowa ungakolezere moto. Abwerera nanena zimene waona, ndipo aitana ozimitsa moto. Ngati utsi kapena malawi zioneka kale poyera, palibe cifukwa cotumira munthu. Aitana nthawi yomweyo.

Nthawi zambiri wopitayo sapeza moto. Kambale sikasiyanitsa bwino utsi ndi pfumbi la amisiri oboola khoma, nthunzi ya m'bafa, mankhwala opopera udzudzu, kapena kangaude amene wamanga nyumba yace m'kati mwace. Kambale kamene kanatumiza uthenga kadziwika ndi kanyali kace kofiira koyaka kosaphethira. Wofufuzayo akakapeza nayendera cigawo conse, natsimikiza kuti kulibe moto, pamenepo ndipo mlonda atontholetsa mabelu. Akatha kucotsa cimene cinadzutsa kambaleko, adinikiza RESET. Akulu anati, linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Amene afulumira kudinikiza RESET asanawerenge wataya yekha uthenga umene bokosi linampatsa. Ngati moto ulipodi mabelu adzaliranso, koma mphindi zimene zapitazo moto wakhala uli kudya.

Kuti kuwerenga bwino nkofunika kunaoneka mumzinda wa Paris, ku France, pa 15 April 2019. Kumeneko kuli chalichi cacikulu cochedwa Notre-Dame, cimene anayamba kumanga m'caka ca 1163. Denga lace linali la mitengo ikuluikulu youma, yokhala zaka mazana ambiri, ndipo anali ataikamo makina abwino omva utsi. Tsikulo makinawo anagwira nchito yao. Itangopitirira 6 koloko madzulo, bokosi linaonetsa uthenga wa moto. Koma uthengawo unali wa mau ocepa ndi manambala obvuta kumva, ndipo amene anali pa bokosi anali atagwira nchitoyo masiku owerengeka okha. Mlonda amene anatumidwa anakwera kudenga la nyumba ina yaing'ono yogundana ndi chalichico, mmene ansembe amabvalira, ndipo sanapeze kanthu. Pamene anazindikira kulakwa nakwera makwerero ngati 300 kufika kudenga lalikulu, anapeza moto utakula. Ozimitsa moto anaitanidwa patapita pafupi-fupi theka la ora cilirire bokosi. Denga linapsya, nsanja yosongoka ya pamwamba pace inagwa, ndipo chalichico sicinatsegulidwenso kufikira December 2024.

Cifukwa ca zotere, mlonda watsopano sayenera kusiyidwa yekha pa bokosi asanayende ndi mapazi ace m'zigawo zonse, mapu ali m'manja. Maina olembedwa m'bokosi ayeneranso kukhala omwewo amene anthu a m'nyumbamo amachula tsiku ndi tsiku. Cipinda cimene cinali ofesi caka catha cikasanduka mosungiramo katundu, dzina lace lisinthidwenso m'bokosi ndi pa mapu.

Makinawa amayesedwa kamodzi pa mlungu, pa tsiku ndi ora lodziwika kwa onse. Woyang'anira alowetsa kamfungulo koyesera m'kabokosi kofiira kamodzi, amvetsera ngati mabelu alira, nayang'ana ngati bokosi laonetsa cigawo coyenera. Mlungu wotsatira ayesa kabokosi kena. Zonse zimalembedwa m'buku limene likhala pafupi ndi bokosi: tsiku, ora, cigawo, ndi cimene cinapezeka. Bukuli limathandiza mmisiri. Akaona kuti kambale ka m'cipinda cimodzi kanama katatu mwezi umodzi, akapukuta kapena kukasintha. Akapanda kutero anthu azolowera mabelu, ndipo tsiku la moto weniweni adzangotembenuka pa mphasa nagonanso. Pa cifukwa comweco mwana wodinikiza kabokosi kofiira mwa masewera acita coipa coposa cimene aganiza.

Ana a sukulu alibe nchito pa bokosi lalikulu. Ayenera kulisiyira akulu amene anaphunzira. Koma mwana amene waona moto m'nyumba yotere aloledwa kudinikiza kabokosi kofiira, ndipo palibe amene adzamdzudzula. Mabelu akalira, mwana asiya mabuku ndi katundu yense, naturuka mosathamanga ndi mosakankhana. Atsika pa makwerero, osalowa m'cikepe ca magetsi, pakuti magetsi akazima cingaime pakati pa nsanjika ziwiri. Ngati m'njira muli utsi, ayenda cokwawa, cifukwa utsi wotentha umakwera kumwamba ndipo mpweya wabwino utsala pansi. Panja onse asonkhana pa malo oikika, ndipo mphunzitsi kapena wamkulu wa nyumbayo aitana maina kuti adziwe ngati wina watsalira.

Mabokosi ena amatumiza okha uthenga kwa ozimitsa moto, koma ambiri satero. La ku Notre-Dame lija silinali kutero. Cotero munthu ayenera kuimba foni ndithu, osaganiza kuti wina waimba kale. M'Zambia nambala ya ozimitsa moto ndi 993. Woimbayo achula dzina la nyumba, mseu, ndi nsanjika imene bokosi laonetsa. Galimoto lofiira likafika, mlonda alonjera mkulu wa ozimitsa moto pakhomo, ampatsa mfungulo za zitseko, namtsogolera ku bokosi, kumene nyali yofiira ikali kuyaka pa nambala ya cigawo cija.