Tchopa patsinde pa phiri la Mulanje

Mwezi wa Okutobala ukafika, dzuwa likuswa mtengo, malole ndi maminibasi a ku Thyolo, Phalombe ndi Chiradzulu amalunjika kwa Chonde, m'boma la Mulanje. Kumeneko ndi kumene Alhomwe amakumana chaka ndi chaka pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, gulu lomwe malemu Bingu wa Mutharika analiyambitsa mu 2007 ali mtsogoleri wa dziko. Poteropo pamaoneka phiri la Mulanje, lomwe nsonga yake, Sapitwa, ndi yotalika mamita 3,002, ndipo akuluakulu amati ndi kwawo kwa mizimu.

Magule amachuluka tsikuli, koma mwini bwalo ndi tchopa. Ng'oma zimakhala zitatu, zosiyana kukula, ndipo zikangolira ovina amalowa m'mizere, kuzungulira, kudutsanadutsana, amuna, amayi ndi ana omwe, fumbi lili koboo. Muyang'ane kumsana kwa abambowo. Wina wabereka mtolo wa khasu ndi nkhwangwa, wina zikopa za nyama, wina chidole, wina mphika wakale wobooka ndi chipande. Munthu amavina thukuta lili kamukamu, katundu osamutula.

Ine ndikaona mitolo imeneyi ndimaganiza za ulendo. Makolo a anthuwa anachokera ku Mozambique, kumapiri a Namuli, kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1900, ambiri pothawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Kuno anapeza thangata m'minda ya azungu, pamwamba pake ndi kunyozedwa ndi anansi awo. Ambiri anayamba kubisa chilankhulo chawo, mpaka zidzukulu zawo zinakula zikudziwa Chichewa chokha. Tchopa ndiye sanabisike.

Kale sankavinidwa pofuna kusangalatsa alendo. Ankavina akakolola bwino, alenje akabwerako ndi nyama, kapena pothira nsembe kukagwa chilala ndi mliri. Dera lino silisowa chopempherera. Mapiri omwe amakoka mvula yokulitsa tiyi ndi omwenso amatulutsa Napolo, monga zinachitikira ku Phalombe mu Malichi 1991, madzi ndi miyala zitatsika m'phiri la Michesi, komanso mu 2023 pa namondwe wa Freddy.

Kunja kwa bwalo kuli msika wake. Anyamata amatsatsa gondolosi mokweza mawu, abambo n'kumagula mwamanyazi. Koma amene ndimawapatsa ulemu ndi amayi a kalongonda. Nyemba imeneyi safulumira nayo, chifukwa yosapsa imazunguza mutu, mwinanso kupha kumene. Amaiwiritsa, kutaya madzi akuda aja, kusenda makoko, kuthira madzi ena, kusonkhezeranso moto, tsiku mpaka kutha. Mwana wa m'tauni akagula kambale kamodzi sadziwa kuti nkhuni zapsapo zingati.

Chondidandaulitsa n'chakuti kwa Chonde nthawi yambiri imathera pa nsanja. Gulu la tchopa lomwe lachoka kumudzi mbandakucha limapatsidwa mphindi zochepa, ng'oma isanatenthe n'komwe wina waimika kale kuti alankhule mlendo wolemekezeka. Popeza mwambowu unabadwira m'manja mwa mtsogoleri wa dziko, fungo la ndale silinauchokebe, ndipo nsalu za chipani zimaoneka pakati pa zikopa ndi nthenga.

Ngakhale zili choncho, mwana wa ku Luchenza lero amanena poyera kuti ndi Mlhomwe, zomwe agogo ake ankachita nazo manyazi. Bungwe la UNESCO linaika tchopa pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse mu 2014, ndipo mu 2025 linazindikiranso phiri la Mulanje. Chilankhulo ndiye chatsalira. Wolankhula akafuula kuti "Alhomwe, Alhomwe!" khamu lonse limayankha "Noophiya!", koma zotsatira zake zonse amazinena m'Chichewa.